KUKWEZA MAU KOPOSA MUYESO KUONONGA NYIMBO ZA MAKWAYA

M'zaka za m'ma 1970 woimba wa ku Kabwe wofuna kujambulitsa nyimbo zake anali kuyenda ulendo kunka ku dB Studios ku Lusaka, kapena ku Malachite ku Chingola, kumene kunali akatswiri a makina. Lero kompyuta yafikitsa nchitoyo m'makomboni. Kwaya ya ku Bwacha, ku Katondo kapena ku Makululu ikhoza kujambula m'chalichi mwake momwe, ndi ciyembekezo cakuti idzamveka pa nyumba za wailesi monga Radio Maranatha.

Koma kawiri-kawiri nyimbo imene oimba anaivutikira miyezi yambiri ituluka ndi mau osasa ndi othetheka, makamaka pamene kwaya yonse yakweza. Ndalama zimene mpingo unasonkha zapita pacabe, ndipo oimba ayamba kulozana zala. Mlandu suli pa iwo ai. Vutoli akatswiri alicha clipping, ndiko kudulidwa kwa nsonga za mau.

Mau alowa m'kompyuta kupyolera m'kacipangizo kochedwa sound card, kamene kawasandutsa manambala. Manambalawo ali ndi polekezera pake, pamene pa muyeso palembedwa 0 dB. Monga mtsuko wodzala sulandiranso madzi, kacipangizoka sikalandira mau opitirira pamenepo, koma kangowadula. Tepi ya kale inali yokhululuka: mau akapitirira pang'ono inali kuwafinya mosapweteka khutu. Kompyuta ilibe cifundo cotere.

Cifukwa cace coyamba ndico kulowetsa nthambo pa boo losayenera. Pa makompyuta ambiri a pa thebulo boo la pinki ndi la maikolofoni, ndipo la buluu ndi la makina monga mikisa ndi kiyibodi. Mau ocokera m'mikisa ndi amphamvu kale. Akalowa pa boo la pinki akuzidwanso kaciwiri, naonongeka asanafike n'komwe pa pulogalamu yojambulira. Zikatero kutsitsa mau m'pulogalamumo sikuthandiza. Afunika kutsitsidwa ku mikisa komweko, ndi nthambo isamutsidwe.

Caciwiri ndico Microphone Boost ya mu Windows, imene iwonjezera mphamvu pa mau a maikolofoni. Pojambula kwaya kapena ng'oma iyenera kutsitsidwa kufikira 0. Cacitatu ndico kuyandikitsa maikolofoni. Woimba amene anali phazi limodzi kucokera pa maikolofoni akafutuka kufika mapazi awiri, mau ake atsika ndi pafupi-fupi 6 dB.

Wojambula wanzeru ayamba wapempha oimba kuti ayese cigawo ca nyimbo cokwera koposa, iye maso ali pa muyeso. Mau okwerawo alekezere pakati pa -12 ndi -6 dB. Danga lotsalalo si lotayika ai. Ndi nkhokwe ya pa tsiku limene woimba adzatengeka mtima nafuula koposa mmene anacitira poyesa. Kujambula kwa 16 bit kuli ndi malo okwana pafupi-fupi 96 dB, cotero kusiyako 12 sikusaukitsa nyimbo. Komabe kutsitsa kopambanitsa nakonso nkoipa, pakuti powakweza pambuyo pake phokoso la makina likwera nao pamodzi.

Pulogalamu yaulere ya Audacity, ikauzidwa kutero, ionetsa mizere yofiira paliponse pamene mau adulidwa. Wojambula akaiona abwereze nyimboyo oimba asanabalalike. Mau ojambulidwa motsika pang'ono akhoza kukwezedwa mawa, koma odulidwa sabwerera. Mapulogalamu okonzera angopeka cabe zimene zinatayika. Akulu anati madzi akatayika saoleka. Mphindi zisanu zoyesera muyeso zikhoza kupulumutsa thukuta la oimba ndi copereka ca mpingo wonse.