Kachilombo konunkhiza ndi tinyanga kakuononga anyezi

ULONGWE — Alimi a anyezi m'madimba a ku Angónia ndi Tsangano amazidziwa bwino zimenezi. Dzuwa likayamba kuswa mtengo mu Seputembala, masamba amachita mawanga otuwa ngati awazidwa phulusa, kenaka nsonga zimauma. Ambiri amati mbewu ili ndi ludzu. Koma kawirikawiri ndi kachilombo kamene alangizi amakatcha tripes m'Chipwitikizi.

Ndi kakang'ono zedi, kutalika kwake milimita 1 kapena kupitirira pang'ono. Nanga kanthu kotere kamalipeza bwanji dimba lanu?

Mphuno kalibe. Kamanunkhiza ndi tinyanga tiwiri ta kumutu. Kanyanga ka tripes wa anyezi kali ndi mfundo 7, monga mzimbe. Pa mfundo yachitatu ndi yachinayi pamatuluka timphanda tokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Fungo la mbewu likalowa m'timabowomo, mitsempha imafikitsa uthenga ku ubongo. Titsitsi tina ta pa tinyangato timakhudza tsamba ndi kulilawa. Kakakhutira, kamaboola tsamba n'kuyamwa madzi ake.

M'maluwa a khobwe mumakhala mtundu wina. Akatswiri a bungwe la icipe ku Nairobi anapeza kuti tatimuna timatulutsa fungo loitanira tinzake, ndipo tinyanga tomweti ndito timalimva.

Tsono alimi anzanga, kufesa nazale pafupi ndi anyezi wakale n'kuitana dala mlendoyu. Ndipo musadikire mawanga. Kanulani masamba pakhosi pa anyezi, muone m'kati. Ana ake achikasu amabisala m'menemo.