Zanzibar: mahotela akuchuluka, nanga madzi akwanira onse?

Mukatsegula Instagram kapena TikTok masiku ano, sipatenga nthawi musanaone wina akujambulitsa pamchenga woyera wa ku Zanzibar. Ine monga wolemba nkhani za maulendo, ndimakonda kufunsa zomwe zithunzizo sizionetsa.

Zanzibar ndi zilumba za dziko la Tanzania, ndipo zikuluzikulu ndi Unguja ndi Pemba. Kale chuma chake chinkadalira zonunkhiritsa zakudya zotchedwa karafuu, koma lero ntchito zokopa alendo ndizo zili patsogolo. Mu 2023 mokha kunafika alendo oposa 600,000 ochokera kunja. Ambiri amayamba ndi Stone Town, mzinda wakale womwe UNESCO inauika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2000, kenako n'kulowera kugombe.

Kugombeko ndiye kwasintha kwambiri. Nungwi ndi Kendwa kumpoto, komanso Paje ndi Jambiani kum'mawa, inali midzi ya asodzi. Pano mahotela ndi maloji angoti ndondondo m'mphepete mwa nyanja. Achinyamata apeza ntchito zophika, zoyendetsa galimoto ndi zoperekeza alendo.

Vuto lagona pa madzi. Unguja amadalira madzi a pansi pa nthaka. Hotela imafuna madzi a dziwe losambiramo, a maluwa ndiponso ochapira zofunda tsiku ndi tsiku. Mijigo ikapopa mopyola muyezo, madzi amchere a m'nyanja amalowerera m'zitsime, ndipo woyamba kuvutika ndi mayi wa m'mudzi amene sangakwanitse kugula madzi a m'botolo. Amayi a ku Paje ndi Jambiani, omwe akhala akulima ndere za m'nyanja kuyambira 1989, nawonso akugawana gombe lomwelo ndi alendo.

Sindikuti musapite, ayi. Kuchoka ku Dar es Salaam ndi ulendo wa maola awiri okha pa boti. Koma kumene mwasankha kugona n'kumene ndalama yanu ikatsale. Funsani kuti lojiyo ndi ya ndani, antchito ake ndi ochokera kuti, ndipo madzi amawatenga kuti. Kadyeni nsomba kwa amayi ophika m'mudzi, osangodya za kuhotela zokha. Posamba, kumbukirani kuti chitsime mukugawana ndi eni dera.

Mafunso omwewa tidzifunsenso ife, chifukwa ku Likoma ndi ku Cape Maclear nakonso maloji amamangidwa pagombe la asodzi.