Konisi ndi chikombole chake

Timatabwa tamizeremizere timene timazungulira siling'i kapena kutsata m'munsi mwa khoma, tija amisiri amati konisi ndi sikating'i, kale ankatipala pamanja ndi puleni ya mpeni wokhota. Masiku ano ntchitoyi yafanana ndi kuumba njerwa: chikombole n'chimodzi, ndipo chilichonse chodutsamo chimatuluka ndi maonekedwe omwewo.

Koma njerwa imaumbidwa yaiwisi n'kuuma pambuyo pake, pomwe thabwa liyenera kuuma kaye. Paini wongochekedwa kumene, ngati wa ku Chikangawa, amakhala ndi madzi ambiri zedi, mwina olemera kuposa mtengo weniweniwo. Matabwawo amawasanja ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, kapena amawaika m'chipinda chotentha choumitsira mpaka madzi atatsala pafupifupi 10 kapena 12 pa 100 alionse. Apa m'pamene ambiri amachita changu, chifukwa thabwa likamauma ndalama imakhala itangogona. Komatu thabwa limafota m'lifupi, m'litali silisintha kwenikweni, ndiye konisi yopalidwa yaiwisi imakaumira pakhoma. Pakapita miyezi, pakona pamene kalipentala analumikiza bwinobwino pamayasama, penti n'kung'aluka. Mwini nyumba amatukwana kalipentala, chonsecho mlandu unapalamulidwa thabwa lisanafike m'manja mwake.

Likauma, thabwa amalicheka timizere totalika, tokulirapo pang'ono kuposa muyeso wofunika. Mfundo ndi ming'alu amazidula n'kutaya. Tizidutswa totsalato satitaya ayi: amatisema mano kumapeto, kupaka guluu n'kutilowetsana. Konisi yolumikiza chonchi anthu amaiderera, koma ngati mudzaipaka penti, imeneyi ndiye sipindika wamba.

Kenako kamzere kaja kamalowa m'makina opalira. Magudumu amakakankha kudutsa pa mitu inayi, isanu kapena isanu ndi umodzi yokhala ndi mipeni, uliwonse ukuzungulira maulendo pafupifupi 6,000 pa mphindi. Mutu woyamba umasalaza pansi kuti thabwa likhazikike, ina iwiri imapala m'mbali, wapamwamba n'kusema maonekedwe aja. Chikombole chake ndi mpeni wa mutu wapamwambawu. Amaunola motembenuza: pamene konisi ikufunika kutukuka, mpeniwo umakhala wolowa. Ndipo monga chikombole chobenthuka chimalemba chilema pa njerwa iliyonse, mpeni ukangogunda msomali kapena kamwala, mzere wake umaoneka pa mamita onse otuluka tsikulo. Wonola mipeni ndiye mmisiri wamkulu pa ntchitoyi, ngakhale ogula samuona n'komwe.

Zotsala ndi sandipepa ndi penti yoyamba, kapena vanishi ngati mtengowo ndi mbawa kapena mlombwa, umene suyenera kubisidwa.

Mukamagula, dzutsani kathabwako muyang'ane m'litali mwake ndi diso limodzi ngati kali kowongoka, kenako muyendetsepo chala. Mukamva timabampu totsatizana, ndiye kuti anakathamangitsa m'makina, ndipo penti yonyezimira idzationetsa tonse.