Ndalama Zakale za Siliva za ku Spain: Kusiyanitsa Zenizeni ndi Zonyengezera

Nkhani yathu lero ndi ya ndalama ya siliva imene inayenda m'misika ya dziko lapansi kwa zaka zoposa 200, kuchokera ku America kufikira ku China ndi ku madoko a kum'mawa kwa Africa. Eni ake ankaitcha real de a ocho, popeza inali yolingana ndi timakobidi 8 totchedwa real. Masiku ano osunga zinthu zakale amaigula pa mtengo wokwera, ndipo pamene pali phindu, onyenga sasowa. Kodi munthu angadziwe bwanji yeniyeni?

Tiyambe ndi kumene inkasulidwa. Nyumba yoyamba yosulira ndalama m'maiko olamulidwa ndi Spain ku America inakhazikitsidwa mu mzinda wa Mexico m'chaka cha 1535. Mu 1545 kunapezeka phiri la siliva ku Potosí, m'dziko limene tsopano ndi Bolivia, ndipo kumeneko ndi ku Lima kunamangidwanso nyumba zotere. Nyumba iliyonse inali ndi chizindikiro chake: Mexico inkalemba M ndi o wamng'ono pamwamba pake, Potosí inkalemba P, ndipo pambuyo pake zilembo PTS zolukana pamodzi. Pambali pa chizindikirocho pankakhala zilembo zoyamba za dzina la woyesa siliva, kuti pakapezeka chinyengo, mwini mlandu adziwike.

Lamuloli silinali lamasewera. Mfumu Felipe IV inatuma Francisco de Nestares Marín kukafufuza ku Potosí, kumene akuluakulu ena ankasakaniza mkuwa wochuluka m'siliva. Olakwa ena anaphedwa, ndipo mu 1652 maonekedwe a ndalama za kumeneko anasinthidwa kuti anthu ayambenso kuzikhulupirira.

Ndalamazi zili m'magulu atatu. Zoyamba zinkasulidwa ndi nyundo, kotero n'zokhotakhota, ndipo zilembo zina sizioneka. Pa zimenezi palibe ziwiri zofanana ndendende. Mukaona ziwiri zofanana m'mbali ndi m'ming'alu momwe, dziwani kuti zinatuluka m'chikombole chimodzi cha wonyenga. Zachiwiri zinayamba ku Mexico mu 1732, zozungulira bwino chifukwa zinkadindidwa ndi makina, ndipo zimaonetsa nsanamira ziwiri ndi mipira iwiri ya dziko lapansi pakati pake. Zachitatu zinayamba mu 1772, zokhala ndi nkhope ya mfumu.

Apa ndipo mbiri imathandiza. Potosí inayamba kudinda ndalama zozungulira za nsanamira mu 1767, choncho yotere yolembedwa 1740 koma ya chizindikiro cha Potosí ndi yabodza. Komabe tisafulumire kuweruza. Mfumu Carlos III inamwalira mu 1788, koma ndalama zina za 1789 ndi 1790 zili ndi nkhope yake pamodzi ndi dzina la mwana wake Carlos IV, chifukwa zidindo za nkhope yatsopano zinachedwa kuoloka nyanja. Zimenezo ndi zenizeni.

Tsopano tiyese ndalamayo ndi manja athu. Choyamba, iikeni pa sikelo. Yeniyeni imalemera pafupifupi magalamu 27, ndipo yozungulira imatalika mamilimita 38 kufikira 40 kudutsa pakati. Yoperepeseka ndi kuyenda m'manja imapepukako pang'ono, ndipo yovuulidwa m'chombo chomira, monga cha Atocha chimene chinamira mu 1622, imapepuka kwambiri chifukwa madzi amchere amaidya.

Chachiwiri, iyandikizeni ku maginito. Siliva sakokedwa. Koma mkuwa ndi mtovu nazonso sizikokedwa, kotero muyeso uwu pawokha sukwanira.

Chachitatu, iyeseni m'madzi. Imangeni pa ulusi, muone kulemera kwake ili m'mwamba, kenaka ili yomizidwa. Ndalama ya magalamu 27 imapepuka ndi magalamu pafupifupi 2.6 m'madzi. Mukagawa 27 ndi 2.6 mupeza pakati pa 10.3 ndi 10.4, ndiwo muyeso wa siliva wa ndalamazi. Ya mkuwa safika pa 9. Umu ndimo zimagwidwira ndalama za mkuwa wokutidwa ndi siliva, zonga zimene zinkapangidwa ku Birmingham m'zaka za m'ma 1790. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachinayi, yang'anani m'mphepete ndi galasi lokulitsa. Za nsanamira zili ndi maluwa kuzungulira mphepete, za nkhope ya mfumu zili ndi timizere tozungulira ndi ta ngodya zinayi totsatizana. Ndalama yothiridwa m'chikombole imakhala ndi msoko m'mphepete, timaenje tonga thovu pankhope, ndi zilembo zobuntha. Mukaigogoda pang'ono imalira mogontha, pamene ya siliva wodindidwa imalira nthawi yotalikirapo. Tizidindo ta zilembo za Chitchaina tisakuopseni. Amalonda a ku China ankadinda timeneti atayesa ndalamayo, ngakhale onyenga a lero amatitsanziranso.

Pomaliza, omvera, mukapeza ndalama yotere musaikweche ndi phulusa kapena mchenga, pakuti kuwala kumene mungakupeze kudzachotsa mtengo wake. Musadalire muyeso umodzi wokha, ndipo musanalipire kapena kugulitsa, kaonetseni kwa katswiri wa ndalama zakale kapena ku nyumba yosungira zinthu zakale. Safunsa anadya phula.