Mwana Wamng'ono, Tabuleti ndi Agogo

Pa Sabata, ulaliki uli mkati, si zachilendo kuona mayi akupatsa mwana wa zaka 2 foni kapena tabuleti kuti asiye kulira, ndipo mwanayo amakhaladi chete. Kunyumba nakonso agogo amakhala okha pakhonde, mdzukulu ali m'nyumba maso ali pa katuni. Kodi mwanayu akutaya chiyani pa nthawi imeneyi?

Mwana amaphunzira kulankhula poyankhana ndi anthu. Akatulutsa mawu, wamkulu amamuyang'ana, kumwetulira ndi kubwereza mawuwo, kenako mwanayo amayesanso. Mu 2003, Patricia Kuhl ndi anzake a pa University of Washington ku America anafufuza zimenezi. Anatenga makanda a miyezi 9 ochokera m'mabanja olankhula Chingerezi ndi kuwamvetsera Chimandarini cha ku China maulendo 12. Makanda omwe anasewera ndi munthu maso ndi maso anayamba kusiyanitsa kamvekedwe ka mawu a chinenerocho. Omwe anangoonera pa kanema sanasiyane ndi makanda omwe sanachimvepo n'komwe. Kanema amalankhula ndithu, koma sadziwa pomwe mwana wayang'ana, ndipo sadikira yankho lake.

Mu 2019, bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku.

Tsono taganizirani mmene agogo amakambira nthano. Akati "Padangokhala," sapitirira mpaka ana atayankha kuti "Tili tonse." Pakati pa nthano pamabwera nyimbo yofuna ovomera. Mwana akachita mantha ndi fisi, agogo amaona nkhope yake n'kufewetsa mawu. Akamatong'ola chimanga kapena kusankha nyemba limodzi, mwana amamva mayina a zinthu, a achibale ndi mfunda wake, uku manja akugwira ntchito. Chikhulupiriro nachonso chimayenda njira yomweyi. Pa 2 Timoteyo 1:5, Paulo akukumbutsa Timoteyo kuti chikhulupiriro chake chinayamba kukhala mwa agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike.

Nanga agogo akakhala kumudzi, mwana ali m'tauni? Apa foni ingathandize. Mu 2016, madokotala a ana a bungwe la American Academy of Pediatrics, omwe salimbikitsa kanema kwa ana osakwana miyezi 18, anavomereza kucheza kooneka nkhope pa foni, chifukwa mbali inayo kumakhala munthu woyankha. Choncho kuimbira agogo pa WhatsApp, mwana ali pamiyendo panu, n'kosiyana ndi kumusiya yekha ndi katuni.

Ambirife pano ndife amalume, azakhali kapena aphunzitsi a kalasi ya ana ku Sukulu ya Sabata, ndipo ena tili kale ndi ana. Mukapita kwanu patchuthi, Sabata masana ikani tabuleti pamwamba pa kabati, yalani mphasa pafupi ndi agogo, muwapemphe nthano imodzi. Inunso mukhale pomwepo, muzivomera.