Masese a Nkhumba ndi Khunyu la Kachetechete

Magalimoto onyamula nkhumba kuchokera ku Petauke ndi ku Katete amadutsa pa Rufunsa mu Great East Road, ulendo wa ku msika wa Chibolya mu Lusaka. Wogula wodziwa amayamba wakanula kukamwa kwa nkhumba n'kuyang'ana pansi pa lilime, kufuna timatuza toyera timene anthu akum'mawa amati masese. Timatuzato ndi ana a nyongolotsi yotchedwa Taenia solium.

Ambiri amaganiza kuti wodya nyama ya masese ndiye amadwala ubongo. Ayi. Nyama yosapsa imangobereka nyongolotsi yaitali m'matumbo. Choopsa ndi mazira ake, amene amatuluka m'chimbudzi cha munthuyo n'kufika pa manja, pa ndiwo zamasamba kapena m'madzi. Womeza mazirawo, ngakhale asanalawepo nkhumba chibadwire, amasanduka malo okulira masese, ndipo ena amakakhazikika mu ubongo.

Bungwe la WHO limati m'madera amene nyongolotsiyi yafala, pafupifupi odwala khunyu 30 pa 100 alionse anadwala chifukwa cha iyo. Mu 2015, Kabemba Mwape wa ku University of Zambia ndi anzake anafalitsa zimene anapeza ku Katete: mwa odwala khunyu amene anajambulidwa mutu ndi makina a CT, oposa theka anali ndi zizindikiro za masese mu ubongo.

Masese a mu ubongo akafa, ena amauma n'kukhala ngati timiyala, ndipo kale madokotala ankati nkhani yathera pomwepo. Koma ku Brazil, ku India ndi kumudzi wa Atahualpa ku Ecuador aona kuti timiyala timeneti nthawi zambiri timapezeka pamodzi ndi chipsera pa hippocampus, kachigawo kosunga zokumbukira kamene kali m'kati mwa ubongo cha kumtunda kwa khutu. Akuganiza kuti kutupa kobwerezabwereza, kapena kukomoka kwenikweniko, kumafooketsa kachigawoka pang'onopang'ono.

Apa ndi pamene mtima wanga umandipweteka, chifukwa khunyu lochokera mbali imeneyi siligwetsa munthu nthawi zonse. Mwana amamva chinthu chikukwera kuchokera m'mimba, amagwidwa ndi mantha opanda chifukwa, kenako amangoti maso tong'o, akutafuna m'kamwa mulibe kanthu, zala zikutosatosa malaya. Pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri amatsitsimuka osakumbukira kanthu. Kusukulu amamuyesa wogona, kunyumba amati ndi mizimu, ndipo zaka zimatha asanamutengere kuchipatala, ngakhale kuti kwa a ku Rufunsa cha St Luke's ku Mpanshya chili m'boma lawo lomwelo.

Mankhwala alipo. Carbamazepine ndi phenobarbital amaletsa kukomoka. Albendazole ndi praziquantel amapha masese amoyo, koma pokhapokha dokotala akuyang'anira, poti akamafa ubongo umatupa. Kamwala kouma kale palibe mankhwala okasungunula. N'chifukwa chake ntchito ya CYSTISTOP ku Katete ndi ku Sinda inalowa m'midzi momwemo: kupatsa nkhumba oxfendazole, kuchotsa nyongolotsi mwa anthu, ndi kuphunzitsa za zimbudzi, makola ndi kusamba m'manja.