Mwini Foni Ndani?

Mlimi wa kwa Chulu akagulitsa fodya wake ku Chinkhoma nagula foni ya itel kapena Tecno, kawirikawiri mapulogalamu satenga ku Play Store, pakuti bandulo njodula, koma amalandira kwa mnansi pa Xender, monga anthu apalirana moto. Ufulu wotenga mapulogalamu kunja kwa sitolo ya kampani Apple inamana eni iPhone kufikira 2024, pamene lamulo la European Union linaikakamiza kutsegula chipata ku Ulaya.

Tsono Google nayo inalengeza mu 2025 kuti aliyense wolemba mapulogalamu a Android azidzayamba walembetsa, ati pofuna kutchinga akuba. Akubawo alipodi, sitikana. Komatu n'chodetsa nkhawa kuti mnyamata wa ku Kasungu, atalemba pulogalamu yowerengera mabelo, angadzafunike kulembetsa ku kampani ya ku California asanaigawire anansi ake.